Tizilembo ta Pamwamba pa Mzere: Tina Timatchulidwa, Tina Timalangiza



Teremu yathayi panachitika zinthu ziwiri m'sabata imodzi, ndipo ndi zimene zatichititsa kulemba phunziro lino. Pa mayeso a masamu a Fomu 2, mphunzitsi analemba pamanja funso lakuti 5² + 3². Pepalalo litapita kokatayipidwa, linabwera litalembedwa 52 + 32. Ana ambiri anayankha 84, ndipo malinga ndi zimene anaona sanalakwe, pomwe yankho limene mphunzitsi ankafuna linali 34. Patangopita masiku awiri, ku madrasa ya masana, mnyamata wina wodziwa kuwerenga bwino ndithu ankangoima paliponse pamene waona ka Mim kakang'ono pamwamba pa mzere, ngakhale pakatikati pa liwu. Titamufunsa anati: "Shehe, munatiuza kuti Mim wamng'ono ndi woimitsa." Tinawauzadi zimenezo, koma sitinawauze kuti ma Mim aang'ono alipo awiri.

Zolakwika ziwirizi gwero lake ndi limodzi. Wotayipa uja ndi mnyamata uja onse anaona kachilembo kakang'ono kapamwamba, koma sanadzifunse kuti kakugwira ntchito yanji. Ife olankhula Chichewa tikudziwa kale kuti kanthu kakang'ono kapamwamba si kokongoletsa chabe: ng'oma timayiimba, pomwe ngoma ndi nyama ya m'tchire. Lero tiona kuti tizilembo tokwezedwa tili m'magulu awiri, m'mabuku a sukulu ngakhalenso mu Msahafu, ndipo pali funso limodzi lotithandiza kutisiyanitsa.

Gulu loyamba: tizilembo tomwe ndi chiwalo cha liwu

Polemba tsiku m'Chingerezi timaona 1ˢᵗ, 2ⁿᵈ, 3ʳᵈ, 4ᵗʰ. Tizilembo tapamwambato ndi mathero a mawu akuti first, second, third ndi fourth. Liwu lafupikitsidwa, ndipo mchira wake waukweza kuti wowerenga adziwe kuti pakati pachotsedwa zilembo. Chimodzimodzi Nº pa malisiti ena, amene amaimira nambala. M'makalata akale a Chingerezi olembedwa pamanja, Mr ankalemba r wake m'mwamba. Afalansa mpaka lero amakweza mathero a liwu lakuti Madame polifupikitsa. Amene muli ndi abale ku Angónia kapena ku Tete munaonapo zikalata za Chipwitikizi zolembedwa 1.º kapena 2.ª, kutanthauza woyamba ndi wachiwiri. Akatswiri osindikiza mabuku amatcha tizilembo totere superior letters.

M'nthawi ya makina akale, pamene chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, tizilembo timeneti ankatiumba padera. Mutu wake unkalekezera pafupifupi pamene zilembo zikuluzikulu zalekezera, ndipo mizere yake ankainenepetsa pang'ono kuti tisaoneke tofowoka pambali pa zinzake. Nthawi zina ankaika kadontho kapena kamzere pansi pake.

Gulu lachiwiri: tizilembo totumidwa

Tsopano taonani 10², x³, m². Ka 2 kali pa 10² si mbali ya nambala 10. Kabwera ndi lamulo lakuti chulukitsani 10 ndi 10 mnzake. Ka 3 kali pa x³ kakunena kuti x alipo katatu ndipo achulukitsidwe. Kanambala kakang'ono kamene mumakapeza kumapeto kwa chiganizo m'buku la mbiri kapena la tafsir nako ndi mthenga: kakukuuzani kuti tsikirani pansi pa tsamba, kuli ndemanga. Anzathu Achikhristu, amene mishoni yawo inayamba pano pa Mvera mu 1889, amadziwa kuti timanambala ta ndime ta m'Baibulo sitiwerengedwa mokweza, timangolozera malo. Tizilembo ta gulu ili amatitcha superscripts. Tikhoza kukhala nambala, chilembo, chizindikiro, ngakhale kasamu kathunthu, ndipo m'masamu kakang'ono kakhoza kusenzanso kanzake pamwamba pake.

Funso losiyanitsira

Funso lake ndi ili: tikakatsitsa kachilemboka n'kukaika pamzere, kodi tanthauzo lisintha? Tikatsitsa 1ˢᵗ tipeza 1st, ndipo palibe chasokonekera. Nº akhala No, wowerenga amvabe. Koma tikatsitsa 10² tipeza 102 m'malo mwa 100. Tikatsitsa 2⁵ tipeza 25 m'malo mwa 32. Tikatsitsa 10⁶ tipeza 106 m'malo mwa 1,000,000. Kwa gulu loyamba, kukhala pamwamba ndi mwambo wa kalembedwe. Kwa gulu lachiwiri, tanthauzo lonse lagona pa malo amene kachilemboko kakhala.

Palinso tizizindikiro tiwiri tofanana nkhope timene timasokoneza otayipa. Ka º ka pa 1.º ndi chilembo o chokwezedwa, pomwe ka ° ka pa 30° ndi kabwalo koimira madigiri, si chilembo ayi.

Kumene kalembedwe ka masamu kanachokera

Kalembedwe ka x² sikanakhaleko kuyambira kale. Muhammad ibn Musa Al-Khwarizmi, amene analemba buku lake la aljebra ku Baghdad m'nthawi ya Khalifa Al-Ma'mun, wolamulira kuyambira 813 mpaka 833, ankalemba masamu onse m'mawu. Chinthu chosadziwika ankachitcha shay kapena jadhr, ndipo chikachulukitsidwa ndi icho chomwe ankachitcha mal. Patapita zaka mazana angapo, akatswiri a masamu a ku Andalusia ndi kumpoto kwa Africa anayamba kufupikitsa mawuwa. Mmodzi wotchuka ndi Al-Qalasadi, amene anamwalira mu 1486. Iye ankagwiritsa ntchito chilembo choyamba cha liwu: Shin kuimira shay, Mim kuimira mal, ndi Kaf kuimira ka'b, chimene lero timalemba x³. Kalembedwe kokweza nambala kudzanja lamanja kanafala kudzera m'buku la René Descartes la mu 1637. Choncho wophunzira wolemba x² pa mayeso a MSCE akugwiritsa ntchito njira imene anthu a zilankhulo zosiyanasiyana anaikonza kwa zaka pafupifupi 800.

Chifukwa chake mu Msahafu muli tizilembo tating'ono

Misahafu imene inalembedwa m'nthawi ya Khalifa Uthman ibn Affan, Allah asangalale naye, amene analamulira kuyambira 644 mpaka 656, inalibe fatha, kasra ndi dhamma monga tikuzionera lero. Anthu ankadalira kuloweza ndi kumva kuchokera pakamwa pa mphunzitsi. Chisilamu chitafika kwa anthu osalankhula Chiarabu, panafunika zothandizira. Mbiri ya maulama imatchula Abul Aswad Ad-Du'ali kuti ndiye anayamba kuika madontho a mtundu wina osonyeza katchulidwe. Pambuyo pake Al-Khalil ibn Ahmad wa ku Basra, amene anamwalira chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, anakonza zizindikiro zofanana ndi zathuzi. Mukayang'anitsitsa dhamma muona kuti ndi ka Waw kakang'ono, ndipo shadda ndi mutu wa Shin wopanda madontho.

Maulama anasamala chinthu chimodzi: zowonjezerazo zisasakanikirane ndi zilembo zimene maswahaba analemba. Olemba pamanja ankalemba zilembo zoyambirira ndi inki yakuda, zowonjezera ndi inki yofiira. Makina osindikizira atabwera, kusindikiza mitundu iwiri kunali kovuta, ndiye m'malo mwa kufiira anasankha kuchepetsa. Umu ndi mmene unakonzedwera Msahafu wa ku Cairo wa mu 1924, ndipo Msahafu wa ku Madina, wolembedwa ndi dzanja la Uthman Taha ndi kusindikizidwa ku malo osindikizira a Mfumu Fahd amene anatsegulidwa mu 1984, unatsatira njira yomweyo. Kuchepa kwa kachilembo mu Msahafu kukutiuza kuti aka kanaikidwa ndi maulama kuti katithandize. Koma thandizolo nalonso lili m'magulu awiri aja.

Totchulidwa

Kodziwika kwambiri ndi ka Alif kakang'ono koimirira, kamene timakaona m'mawu monga Ar-Rahman, hadha ndi dhalika. Aka ndi chiwalo cha liwu. Kamatchulidwa motalikitsa ngati Alif wamkulu, ndipo wokanyalanyaza wafupikitsa liwu la Qur'an. Chimodzimodzi ka Waw ndi ka Ya tating'ono timene timabwera pambuyo pa Ha m'mawu monga lahu ndi bihi: tikapitiriza kuwerenga timatalikitsa, tikaima pomwepo sititchula. Mu Surah Al-Anbiya ndime 88 muli ka Nun kakang'ono kamene kamatchulidwa. Mu Surah Al-Baqarah ndime 245 muli ka Sin pamwamba pa Swad, ndipo pamenepo timatchula Sin.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangolemba Alif wamkulu pamzere? Yankho tilipeza mu Surah imene timaiwerenga pa Swala iliyonse. Liwu loyamba la ndime 4 ya Al-Fatiha, m'kawerengedwe ka Hafs kamene timatsatira kuno, timalitalikitsa kuti Maaliki, kutanthauza Mwini. M'kawerengedwe ka Warsh, kofala kumpoto ndi kumadzulo kwa Africa, amati Maliki, kutanthauza Mfumu. Zonse ziwiri ndi zolandiridwa kuchokera kwa Mtumiki, Swalla Allahu alaihi wasallam. Zilembo za pamzere zimalola mawerengedwe onse awiri, ndipo ka Alif kakang'ono kamangosonyeza kamene Msahafu umenewo ukutsatira. Akanalemba Alif wamkulu, akanatsekera kunja kawerengedwe kenako.

Tolangiza

Gulu linali ndi zizindikiro za poima. Izi sizitchulidwa ngakhale pang'ono. Ndi zidule za mawu a maulama, osati mawu a Qur'an. Mmodzi mwa amene anaziyala mwadongosolo ndi Imam As-Sajawandi, amene anamwalira mu 1165. Mu Msahafu wa ku Madina timapeza izi:

Mim (مـ): imani, chifukwa kupitiriza kukhoza kusokoneza tanthauzo.
Lam-Alif (لا): musaime pano.
Jim (ج): mukhoza kuima kapena kupitiriza, zonse n'zofanana.
Swad-Lam-Ya (صلى): kuima n'kololedwa, koma kupitiriza ndiko kwabwino.
Qaf-Lam-Ya (قلى): kupitiriza n'kololedwa, koma kuima ndiko kwabwino.
Madontho atatu oikidwa pa malo awiri oyandikana: imani pa amodzi, osati ponse pawiri. Chitsanzo chili mu Al-Baqarah ndime 2.

Misahafu ya kalembedwe ka ku India ndi Pakistan, monga ija ya mizere 13, ili ndi zizindikiro zina zowonjezera, monga Twa, Za ndi Swad payekha. Mwana amene wazolowera Msahafu wa mtundu umodzi asachite manyazi kufunsa akapatsidwa wa mtundu wina. Kumapeto kwa Misahafu yambiri kuli masamba ofotokoza zizindikiro zake, ndipo ambirife sitinawatsegulepo.

Funso lathu lija likugwiranso ntchito pano. Ka Alif kakang'ono katakhala pamzere, katchulidwe kathu sikangasinthe, ngakhale sitiloledwa kusintha kalembedwe ka Msahafu. Ndi kofanana ndi st wa pa 1ˢᵗ. Koma ka Jim katatsikira pamzere n'kutchulidwa, tingawonjezere m'Buku la Allah chilembo chimene mulibe. Ndi kofanana ndi 2 wa pa 10².

Kuti tione kulemera kwa nkhaniyi, tsegulani Surah Yunus ndime 65. Chiyambi cha ndimeyi chikutonthoza Mtumiki kuti zonena za otsutsa zisamudandaulitse. Pamenepo pali Mim woimitsa. Zotsatira zake ndi mawu a Allah onena za ulemerero Wake. Wowerenga akapanda kuima, womvera akhoza kuganiza kuti mawu otsatirawo ndiwo zonena za otsutsa zija. Mim wotere alinso mu Surah Yasin ndime 76, pa chifukwa chofanana. Mu Surah Al-An'am ndime 36, kupitiriza pa Mim kungamveketse ngati akufa ali m'gulu la amene amayankha kuitana, pomwe ndimeyo ikunena kuti akufa Allah adzawaukitsa.

Ma Mim awiri ndi ma Sin awiri

Tibwerere kwa mnyamata wathu uja. Mim wina wamng'ono amabwera pamwamba pa Nun wa sukun, kapena pamodzi ndi tanwin, pamene chilembo chotsatira ndi Ba. Lamulo limeneli mu tajwid timalitcha iqlab: liwu la Nun limasanduka Mim wotulukira m'mphuno. Mim ameneyu ndi wotchulidwa, ndipo sitiimapo. Mu Msahafu wa ku Madina ali ndi mchira wotsikira pansi, pomwe Mim woimitsa ndi mutu wokhala ndi kamzere kogona. Njira yachangu ndi kuyang'ana chilembo chotsatira. Ngati Mim wakhala pa Nun kapena pa tanwin ndipo kutsogolo kuli Ba, ndi iqlab. Ngati wakhala payekha m'mwamba pambuyo pa liwu lathunthu, ndi woimitsa.

Sin wamng'ono nayenso ali pawiri. Wa pamwamba pa Swad tamutchula kale, ndi wotchulidwa. Koma Sin wa kumapeto kwa liwu ndi chizindikiro cha sakta, kudukiza mawu pang'ono osapuma mpweya. M'kawerengedwe ka Hafs malo anayi odziwika a sakta ndi awa: kumapeto kwa ndime 1 ya Al-Kahf, Yasin ndime 52, Al-Qiyamah ndime 27, ndi Al-Mutaffifin ndime 14. Inu amene mumawerenga Al-Kahf Lachisanu lililonse mumakumana naye pa mzere woyambirira.

Zoti tichite

Kwa ophunzira: polemba mayeso, kanambala kapamwamba kalembeni m'mwamba ndithu ndiponso mooneka. Wochonga mayeso a MANEB sakudziwani, amachonga chimene waona. Yankho la kukula kwa malo likhale ndi m² kapena cm², la kuchuluka kwa zolowa m'chinthu likhale ndi m³ kapena cm³. Kumbukirani kuti 1 m ndi 100 cm, koma 1 m² ndi 10,000 cm², chifukwa ka 2 kaja kakulamula kuti 100 achulukitsidwe ndi 100. Mu kemisitiri muli tina totsikira pansi, monga pa H₂O, ndipo lamulo lake ndi lomwelo: malo ake ndiwo tanthauzo lake. Potayipa mu Microsoft Word, dinani Ctrl, Shift ndi + pamodzi kuti mukweze. Pa foni zambiri, mukadina 2 nthawi yaitali pamatuluka ². Zikakanika, lembani 10^2, koma musalembe 102.

Kwa aphunzitsi anzathu: pepala la mayeso likabwera kotayipidwa, tiliwerenge tisanalichulukitse. Kompyuta ikachepetsa chilembo imachepetsanso kunenepa kwa mizere yake, ndiye pa fotokope yofowoka tizilembo timeneti ndi timene timayamba kufufutika.

Kwa akuluakulu a komiti: nkhaniyi imakhudza ndalama za Asilamu zimene mwasungitsidwa. Chipinda cha mamita 12 mulitali ndi mamita 10 mulifupi chimafuna kapeti ya 120 m². Malo a 10 m² ndi kachipinda ka mamita 5 ndi mamita 2, pomwe malo a mamita 10 mbali zonse ndi 100 m², kusiyana kakhumi. Thanki ya 1 m³ imalowa malita 1,000. Hekitala imodzi ndi 10,000 m², ekala imodzi ndi pafupifupi 4,047 m². Mmisiri kapena wogulitsa akabweretsa pepala la mitengo lolembedwa m paokha, mufunseni ngati akunena za utali, kukula kwa malo kapena kuchuluka, ndipo alembe bwino musanasayine.

Kwa makolo: mwana akamawerenga Juzu Amma pakhomo, mulozereni kachilembo kamodzi kapamwamba n'kumufunsa kuti, "Aka timatchula kapena kakutiuza chochita?" Ngakhale inu musakudziwa yankho, funsolo limuphunzitsa kuyang'anitsitsa, ndipo akabwera nalo ku madrasa tidzathandizana. Zizindikirozi ndi zothandizira chabe, sizilowa m'malo mwa kumvera mphunzitsi wodziwa. Qur'an inatifika kudzera pakamwa ndi m'makutu, ndipo inki imangotikumbutsa zimene tinamva.

Ntchito ya sabata ino

1. Lembani mayankho a 3⁴, 4³ ndi 10³, ndipo fotokozani chimene chingachitike timanambala tapamwambato titatsikira pamzere.
2. Mwa izi, ndi ziti zimene tanthauzo lake silisintha zikatsitsidwa: 21ˢᵗ, cm³, Nº, 2⁶?
3. Bwalo la Swala ya Eid ndi mamita 40 mulitali ndi mamita 25 mulifupi. Ndi lalikulu bwanji? Ndi gawo lanji la hekitala?
4. Tsegulani Surah Yasin. Pezani Mim mmodzi woimitsa, Mim mmodzi wa iqlab ndi Sin wa sakta, ndipo lembani manambala a ndime zake.
5. Mu Surah Al-Fatiha, werengani kuti ti Alif tating'ono toimirira tilipo tingati mu Msahafu wa kwanu, ndipo mutiuze kuti Msahafuwo ndi wa kalembedwe kati.

Mayankho mubweretse Lachinayi ku ofesi ya aphunzitsi. Mnyamata wathu uja tsopano ndi amene akuthandiza ana a kalasi ya Qaida kusiyanitsa ma Mim awiriwa, ndipo funso la nambala 4 analipereka ndi iye. Tikupempha Allah atiwonjezere kuzindikira ndi kutikhululukira pamene talakwitsa powerenga Buku Lake. Allah ndiye Wodziwa koposa.

Wassalam alaikum warahmatullahi wabarakatuh.